Kotengera alendo kukadya nsima mu Lusaka: mafunso ndi mayankho

Aliyense wokhala mu Lusaka amalandirako alendo. Ena atsika basi ya ku Chipata pa Intercity, ena achokera ku Lilongwe kudzera pa Mwami, ena ndi anzathu a kuntchito amene tawachingamira ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Akangopuma, pempho limakhala limodzi: tikadye za kuno kwanu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale ndi anansi amandifunsa kawirikawiri, ine amene ndakhala mumzinda uno zaka zambiri ndipo ndachitapo manyazi pamaso pa alendo kangapo.

Bwanji osangowaphikira kunyumba?

Tsiku loyamba, aphikireni kunyumba. Mlendo wa kwathu amene mwamuthamangitsira ku lesitilanti asanalawe za pa mbaula yanu amabwerera ali ndi mawu mumtima, ngakhale sanganene. Nkhuku ya mlendo imaphedwa pakhomo. Koma akakhala masiku atatu kapena anayi, kutuluka naye n'kumupatsa ulemu wina: aone mzinda, alawe ndiwo zimene simungathe kuphika zonse tsiku limodzi. Ndani angaphike chikanda, vimbombo (zipalapasiro za ng'ombe), nsomba youma yotendera ndi ndiwo zamasamba zamitundu isanu pa nkhomaliro imodzi, magetsi atathima?

Anthu akamati "tiyeni ku matebeto" amatanthauza chiyani?

Mawuwa ndi a Chibemba. Amatebeto ndi mwambo umene akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kupita nazo kwa mkamwini, kumuthokoza kuti akusunga bwino mwana wawo. Mu Lusaka dzinali linasamukira ku malo odyera amene amayala ndiwo zambiri zachikhalidwe pamalo amodzi, munthu n'kumaloza zimene akufuna.

Otchuka kwambiri ali pa msika wa Thornpark, kufupi ndi pakati pa tauni. Si lesitilanti imodzi ayi, ndi timalesitilanti tambiri togundizana, aliyense ndi mbaula zake, ndipo nyama ndi nsomba zimawotchedwa panja pomwe mukuona. Mukangotsika galimoto, utsi wa nyama umakulandirani, kenako oitanira makasitomala, aliyense akulumbira kuti kwawo ndiye kuli nkhuku yeniyeni ya kumudzi. Musatengeke ndi amene wafuula kwambiri. Yendani kaye mzere wonse, muone m'mapoto. Lero dzina la matebeto lili pa zikwangwani m'madera ambiri a mzinda uno, choncho wina akakuuzani kuti mukumane ku matebeto, funsani kuti ati.

Kupatula Thornpark, kwinanso ndi kuti?

Pafupifupi msika uliwonse wa m'dera uli ndi mzere wa amayi ophika nsima: Longacres, Northmead, Kabwata, Chilenje, Chelstone, Mtendere, Matero. Ya ku Longacres imadyetsa anthu ambiri a m'maofesi a boma, motero masana a mkati mwa sabata chakudya sichikhalitsa m'poto. Ku Soweto ndi ku City Market nsima ndi yotsika mtengo, koma phokoso, kuthithikana ndi matope a nthawi ya mvula si za mlendo wotopa ndi ulendo. Kumeneko pitani kukagula kapenta ndi nyemba zoti anyamule pobwerera.

Palinso malo a mipando yofewa, m'malo ogona alendo ndi pafupi ndi mashopu akuluakulu monga Manda Hill, Arcades ndi East Park, kumene nsima imabwera pa mbale yoyera ndi nsalu yopukutira m'manja. Kumakhala bata, zimbudzi zabwino, poimika galimoto. Kunena zoona, ndiwo zake nthawi zambiri sizifika pa za mayi wa pa msika. Koma pali alendo ena amene bata limawakomera kuposa msuzi, monga ndifotokozere m'munsimu pa funso la apongozi.

Ndingadziwe bwanji kuti malo awa ndi abwino ndisanabwere ndi alendo?

Pitani nokha kaye. Palibe njira ina yoposa imeneyi. Zithunzi za pa Facebook zimajambulidwa tsiku labwino, ndipo wophika amene anatamandidwa chaka chatha mwina anasamukira kwina. Kadyeni nkhomaliro imodzi pa tsiku ngati lomwe mudzabwere ndi alendo, pa ola lomwelo.

Mukafika, yang'anani amene akudya. Mukaona amayi achikulire, madalaivala, anamwino ovala yunifolomu ndi anthu a mataye atakhala pa benchi limodzi, dziwani kuti pali chimene chawasonkhanitsa. Malo opanda anthu masana, ngakhale atapakidwa penti yowala bwanji, ndiwo zake ndi zadzulo.

Kenako itanitsani ndiwo zamasamba zotendera. Nyama yowotcha aliyense angathe, moto ndi mchere basi. Koma chibwabwa chotendera chimaulula wophika. Nsinjiro zikhale zopsa, zosanunkha chiwisi, zosawawa ngati mtedza wovunda. Masamba akhale osadabwa, osati amadzi pansi ndi phala pamwamba. Soda akachuluka mumamva kuterera pa lilime, ndipo masamba amasanduka akuda. Nsima nayo ikanikizeni ndi chala: isakhale ndi mibulu ya ufa wosapsa, isamatirire m'manja ngati phala. Ikabwera itachita chikhungu cholimba pamwamba, yakhalitsa.

Ndili ndi malo anga amodzi, pa msika wina umene sindiutchula kuopa kuti mungandidzazire benchi. Mayi wake amaomola nsima ndi chipande chakale chakuda, amachiviika m'madzi, n'kuumba mtanda wosalala ngati dzira, nthunzi ili tolotolo. Ukapempha msuzi woonjezera safunsa ndalama, amangoti "bweretsani mbale, atate." Tsiku lina ndinapempha nsomba imene ndinaiona pa waya, iye anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti imeneyo ndi ya dzulo, nditenge nkhuku. Kuyambira tsiku limenelo alendo anga onse amapita kwa iyeyo.

Chomaliza, pemphani kuona kuchimbudzi ndi kumene amatsukira mbale. Zambiri za ukhondo zili pa funso la kolera.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Fikani 12 koloko itangokwana kumene, ndiwo zonse zikadali m'mapoto ndipo mipando ilipo. Kuyambira 13 koloko, monga timawerengera kuno, a m'maofesi amakhamukira ndipo mumadya chigongono cha munthu chili m'nthiti. Ikamakwana 15 koloko zabwino zatha, kwatsala makoko. Malo ambiri a pa msika ndi a nkhomaliro, osati mgonero, ndipo Lamlungu ena satsegula. Ngati mukufuna kudya madzulo, sankhani malo okhala ndi jenereta kapena sola. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaphunzira kudya nsomba ya minga ndi tochi ya foni, ndipo si chinthu chochitira mlendo.

Kumbukiraninso msewu. Great East Road madzulo imadzaza, ndipo ulendo wa mphindi zochepa umatha kudya ola lathunthu mlendo ali ndi njala.

Tikafika, tiitanitse chiyani?

Musalole kuti aliyense aitanitse mbale yakeyake ngati ku hotela. Kukoma kwa matebeto n'kuika ndiwo zambiri pakati, aliyense n'kumapisa. Kwa anthu anayi kapena asanu, tengani zankhuli zamitundu itatu ndi zamasamba zonse zimene zilipo, poti masamba nthawi zambiri amabwera pang'onopang'ono m'timbale.

Nkhuku ya kumudzi isasowe. Yeniyeni imadziwika ndi mafupa olimba, nyama yakuda ya m'ntchafu ndi msuzi wachikasu wosafuna zokometsera zambiri. Ena amagulitsa nkhuku zoikira mazira zimene zakalamba n'kumati ndi za kumudzi. Kulimba kumafanana, fungo ayi. Nsomba ya bream yowotcha kapena yokazinga ndiyo imakondweretsa alendo ambiri. Buka buka wa ku nyanja ya Tanganyika ali ndi mnofu wambiri ndi minga yochepa, motero ndi wabwino kwa ana. Kapenta alipo wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, ndipo anthu amakangana mpaka lero kuti wokoma ndi uti. Ine ndili kumbali ya wa ku Mpulungu. Vimbombo, zipalapasiro za ng'ombe zophikidwa maola ambiri mpaka kufewa, nthawi zina pamodzi ndi nyemba, ndi za munthu amene alibe msonkhano masana amenewo, chifukwa zimagonetsa. Zam'kati za mbuzi kapena ng'ombe tengani kokha kumene mumakhulupirira katsukidwe kake.

Chikanda chikhale poyambira. Chimapangidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo, tosinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro, soda, mchere ndi tsabola mpaka kulimba ngati soseji yodula. Mlendo amene sanachionepo amalumbira kuti ndi nyama. Chabwino chimaduka bwinobwino ndi mpeni, sichiphwanyika, ndipo sichikhala ndi mchenga. Timizuti tayamba kusowa m'madambo a kuno chifukwa chokumbidwa kwambiri, moti tina timachokera ku Tanzania.

Alendo anga ndi a ku Malawi. Maina a ndiwo sawasokoneza?

Amawasokoneza, n'kumaseka akaona kuti ndi ndiwo zomwe anasiya kwawo. Chibwabwa ndi nkhwani. Kalembula ndi kholowa. Katapa ndi chigwada, bondwe ndi bonongwe, delele ndi therere, ndipo ifisashi ndi ndiwo zotendera basi. Inswa ndi ngumbi. Kapenta musamutche usipa pamaso pawo, ayamba mlandu umene simungaumalize. Ingonenani kuti ndi msuweni wake. Chimodzimodzi bream: munthu wa ku Mangochi adya, ayamikira, kenako akuuzani kuti chambo n'china. Muvomereni, ndi mlendo.

Zimene zingakhale zachilendo kwa ambiri a iwo ndi impwa, timabiringanya toyera towawira pang'ono, lumanda wowawasa wotendera, ndi munkoyo. Apatseni zimenezo, osati zimene amadya tsiku lililonse kwawo.

Nsima ya breakfast, ya roller, kapena ina?

Malo ambiri amaphika ya breakfast, ufa woyera wa kuchigayo chachikulu. Roller ndi wokhala ndi madeya ake pang'ono, wofanana ndi mgaiwa, ndipo umakhalitsa m'mimba. Malo abwino a matebeto amakhalanso ndi nsima ya chinangwa, imene a ku Luapula amakonda ndipo a ku Nkhata Bay amati kondowole, komanso ya mawere kapena mapira. Funsani m'mawa ngati ilipo, poti amaphika pang'ono. Kwa mlendo wosazolowera, ya chinangwa yokhayokha imavuta kumeza chifukwa imanyumbuka. Yosakaniza ndi ufa wa chimanga ndiyo yoyambira.

Mlendo wanga ndi wochokera kunja, sanadyepo nsima. Ndimuyambitse bwanji?

Muonetseni, musamuphunzitse ngati mwana wa sukulu. Sambani m'manja iye akuona, tsinani kambamu kakang'ono, kaumbeni m'dzanja limodzi, boolani ndi chala chachikulu, tapani ndiwo. Muchenjezeni kuti mkati mwa mtanda mumatentha kuposa kunja, ayambire m'mphepete. Akapempha supuni kapena foloko, mupatseni popanda kumuseka.

Vinkubala, abale ake a mphalabungu, ikani pa tebulo koma musamukakamize. Ena amatola chimodzi, n'kutafuna maso ali gwa, kenako amatha mbale yonse. Ena ayi, ndipo palibe mlandu. Chimene sindikonda ndi khalidwe lomutulutsira foni munthu kuti ajambulidwe akuchita tsinya, ngati chakudya chathu ndi chilango. Delele nayenso amafuna kumufotokozera kaye, chifukwa kutamuka kwake kumadabwitsa amene sanamuonepo. Tsabola akhale pambali.

Nanga za ukhondo ndi kolera?

Funso ili si lamwano, makamaka m'nyengo ya mvula. Tonse tikukumbukira mliri umene unayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la masewero la Heroes linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2024. Wa 2017 mpaka 2018 nawonso unachititsa kuti malonda a m'misewu aletsedwe kwa kanthawi.

Chakudya chotentha, chochoka pamoto pomwepo, sichikhala ndi vuto kawirikawiri. Choopsa ndi madzi, saladi yosaphika, ndi ndiwo zimene zakhala poyera zitazizira. Posamba m'manja, madzi akhale othiridwa kuchokera m'jagi kapena pa mpopi wa ndowa, ndi sopo, osati beseni limodzi loviikamo aliyense. Madzi akumwa gulani a m'botolo lotseka, mutsegule nokha. Onani ngati mapoto ali ovindikira, ngati wolandira ndalama si yemweyo akugwira nyama ndi manja, ndiponso ngati madzi otsukira mbale akusinthidwa. Malo olongosoka amapachika pakhoma chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Kukhala nacho sikutanthauza kuti ndiwo n'zokoma, koma kumasonyeza kuti mwini wake sathawa oyendera.

Ndikufuna kutenga apongozi. Malo a pa msika ndi oyenera?

Apa ndiye ndinapsa. Apongozi anga aamuna atabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi dokotala wa maso, ndinati ndiwasangalatse. Ndinawatengera pa malo ena otchuka pa Loweruka masana, osayamba ndapitako pa tsiku ngati limenelo. Tinapeza zokuzira mawu zili pamwamba, mpira pa kanema, anyamata ndi mabotolo pa tebulo loyandikana nalo. Mtsikana wotumikira, mwana wa dzana, anafika n'kufunsa mkulu uja kuti "mudya chani, mudala?" ataimirira, dzanja lili m'chiuno. Apongozi anangoti, "Chilichonse chimene mwakonza, amwene." Anadya mbamu zitatu, n'kusamba m'manja. M'galimoto monse munali zii. Madzulo ndinamva mayi a kunyumba akuwaphikira phala.

Choncho kwa akuluakulu, bata ndi ulemu zili patsogolo pa kukoma. Sankhani malo opanda mowa kapena okhala ndi chipinda chapadera, okhala ndi mipando ya chotsamira, osati benchi. Uzani wotumikira pasadakhale kuti mukubwera ndi makolo, awathirire madzi osamba m'manja iwo poyamba ndipo awalankhule mwaulemu. Chinyanja cha mu Lusaka chimathamanga, ndipo "iwe" amatuluka msanga. Kwa munthu wa kumudzi zimalasa. Kumbukiraninso kuti m'mabanja ambiri mkamwini kapena mtengwa sadyera mbale imodzi ndi apongozi. Funsani akunyumba kwanu mmene amachitira kwawo, ndipo ngati n'kofunika pemphani matebulo awiri oyandikana. Mutengenso mlamu kapena azakhali oti azicheza nawo momasuka.

Kodi nyengo ya chaka imasintha zimene tingapeze?

Kwambiri. Mvula ikayamba, cha mu Novembala ndi Disembala, kumabwera inswa, vinkubala zaziwisi ndi bowa, makamaka tente woyera wamkulu uja. Bowa idyani kwa wophika wodziwika yekha. Chibwabwa chanthete ndi bondwe zimachuluka m'dzinja, pamene m'chilimwe mumapeza kwambiri repu, kabichi ndi mfutso. Mfutso wa nyemba kapena wa khobwe wotendera, akauphika bwino, sungausinthanitse ndi nyama.

Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti nsomba ziswane. M'miyezi imeneyi bream amene mungapeze ndi woweta, monga wa m'makola a pa Kariba ku Siavonga, ndipo palibe cholakwika ndi ameneyo. Koma wina akakulonjezani nsomba yaiwisi ya mu Kafue mu Januwale, dziwani kuti mwina akunama, mwina akuphwanya lamulo.

Zakumwa zachikhalidwe zilipo?

Munkoyo ndiwo umapezeka kwambiri: phala la chimanga lothiridwa mizu ya munkoyo yosinja, n'kulisiya kuti lisase pang'ono. Chibwantu cha Atonga ndi chofanana nawo koma chili ndi misere yotafuna. Thobwa la kwathu kum'mawa limapezeka mwa apo ndi apo. Zonsezi zikagonera masiku zimayamba ukali, choncho lawani kaye musanapatse ana kapena a mpingo. Funsaninso za madzi amene anapangira, monga tanenera pa za kolera. Amene amamwa mowa, Mosi wozizira ali paliponse.

Mlendo wanga ali ndi zimene sadya. Nditani?

Mufunseni musananyamuke, osati mbale zitafika. Asilamu amafuna nyama yochinjidwa mwa chipembedzo chawo. Malo otero amapezeka mosavuta cha ku Kamwala, ndipo kwina nsomba ndi nyemba zimapulumutsa. A Sabata sadya nkhumba ndi mlamba, ndiye onetsetsani kuti nyama yawo siwotchedwa pa waya umodzi ndi soseji ya nkhumba. Wosadya nyama sangavutike: nyemba za ku Solwezi kapena kabulangeti, masamba, bowa, chikanda. Odwala shuga ambiri amasankha roller kapena mawere, mtanda umodzi.

Amene thupi lake limadana ndi mtedza ndiye wofunika kusamala kwenikweni. Nsinjiro zili m'masamba, m'chikanda, m'nsomba youma, ndipo mthiko umodzi umayenda m'mapoto angapo. Nenani momveka kwa wophika mwiniwake, osati kwa wotumikira yekha.

Za malipiro zimayenda bwanji?

Funsani mtengo musanadye, makamaka wa nsomba ndi nyama yowotcha, chifukwa umatsata kukula kwa chimene mwaloza. Pa msika mtengo sulembedwa nthawi zonse, ndipo mukafika ndi mlendo wooneka wandalama ukhoza kukwera mwakachetechete. Ili ndi phindu lina lopita nokha poyamba: mumadziwa kale mtengo wake. Malo ambiri amalandira Airtel Money ndi MTN MoMo, koma netiweki imadziwa kuthawa pa nthawi yolakwika, choncho nyamulani makwacha m'thumba. Makadi a kubanki ndi a malo akuluakulu.

Lipirani mobisa. Dzukani ngati mukukasamba m'manja, mumalize zonse ku kauntala. Kuwerenga ndalama pa tebulo mlendo akuona kumamuchititsa kuyamba kuwerenga mbamu zimene wadya. Kakhumi ka mtsikana amene wakutumikirani bwino musaiwale, ndi amene adzakusungireni tebulo ulendo wina.

Tili gulu lalikulu, mwina anthu khumi ndi asanu. Tingangofika?

Ayi. Pitani dzulo lake, mulankhule ndi mwini malo, mugwirizane za ndiwo ndi ola, musiye ndalama pang'ono ya chikole. Nkhuku za kumudzi zimafuna maola pamoto, sangakuphereni zinayi mutakhala kale pansi. Tengani nambala yake, muimbe m'mawa kumukumbutsa, ndipo mukachedwa m'njira muuzeni kuti asaomole nsima msanga. Pa za mayendedwe, kuitana matakisi a Yango awiri kapena atatu n'kosavuta kusiyana ndi kusaka poimika magalimoto anayi pa msika masana.

Tikatha kudya, tingawaonetse chiyani chapafupi?

Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, ndi poyenera kutsitsira nsima. Nyumba zozungulira zaudzu zimene zili pamenepo ndi zotsala za zimene boma la atsamunda linamangira antchito achikuda, ndipo zinasungidwa mu 1974 kuti zikhale za amisiri a zosemasema. Mlendo angagule ng'oma, madengu ndi zitenje, koma mutsitsireni mtengo ndinu. Okonda mbiri apite nawo ku Chilenje House 394, kumene Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, kapena ku nyumba yosungira zakale ya Lusaka National Museum pa Independence Avenue. Ngati mwadya vimbombo, iwalani zonsezi, kawagonekeni.

Ndiwo zikatsala, n'zochititsa manyazi kupempha kuti atikulungire?

Ayi ndithu, mwalipira. Malo ambiri ali ndi timabokosi, ena amalipiritsa pang'ono. Nkhuku, nsomba yowotcha ndi chikanda zimafika bwino kunyumba. Zotendera zimasasa msanga kukatentha, makamaka mu Okutobala, choncho ngati mukupita kaye ku Kabwata zisiyeni. Nsima yotsala nyamulani ngati kunyumba kuli wokonda mkute ndi tiyi m'mawa.